Kontrola akasintha chilolezo, malire a levulo ndi liwiro atha kapena akadalipo?

Tadala
Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni, mutu waima. Ndili mkati mwa maphunziro a instrument, ouluka modalira zida za mu kokipiti, kuno ku South Africa, koma mabuku ambiri amene ndimawerenga madzulo ndi a ku America, ndiye zinthu sizikulumikizana. Tiyerekeze ndanyamuka pa SID, njira yonyamukira pa bwalo yolembedwa pa tchati, ndipo tchati chake chikuti poyinti yachiwiri ndiidutse pa mafiti 8,000 kapena pansi pake, liwiro lisapose ma knot 230. Ndisanafike pa poyintiyo kontrola, uja wowongolera ndege pa wayilesi, akuti "climb flight level one five zero", basi, osawonjezerapo kanthu. Ndikwere ulendo umodzi mpaka levulo 150, pafupifupi mafiti 15,000, kapena ndiime kaye pa 8,000 mpaka nditadutsa poyintiyo? Nanga 230 ija? Buku likuti chilolezo chatsopano chimafafaniza chakale. Aphunzitsi anga akuti ayi.

Limbani
Mlongo wanga, kuno ku America yankho ndi lachidule. Buku la oyendetsa ndege la FAA, bungwe la boma loona za ndege, lija timati AIM, pa ndime 4-4-10 likunena kuti chilolezo chomaliza ndicho chili ndi mphamvu. Kontrola akasintha levulo imene anakupatsa, kapena akangoibwereza ndi mawu akuti "maintain", koma osatchulanso malire a levulo amene analipo kale, malirewo atha. Za pa SID ndi pa STAR zomwe, STAR kukhala njira ya pa tchati yofikira ku bwalo. Ndiye ukamva "climb and maintain one five thousand" kwera, 8,000 ija iwale. Koma 230 usaigwire. Ndimeyo ikukamba za levulo zokha.

Kaputeni Mbewe
Limbani, mphwanga, wanena zoona za kwanuko, koma mwanayu sakuuluka ku America. Tadala, aphunzitsi akowo amvere. Maiko athu kuno, Malawi, Zambia, Mozambique, South Africa, maziko athu ndi mabuku a ICAO, bungwe la maiko loona za maulendo a ndege, ndipo buku la makontrola la ICAO, Doc 4444, linasintha mu November 2007 n'kunena kuti ndege ya pa SID ikaloledwa kukwera kupyola levulo imene inapatsidwa poyamba, izitsatirabe malire a pa tchati pokhapokha kontrola atawachotsa ndi pakamwa pake. Ndiye mawu omwewo, ukawamva ku Dallas akutanthauza china, ukawamva kuno akutanthauza china. Buku lako silikunama, aphunzitsi akonso sakunama.

Tadala
Zikomo a Kaputeni. Ndiye kuti ku ICAO chilolezo chatsopano sichifafaniza kalikonse?

Mayi Nachisale
Ayi mwana wanga, pamenepo usathamange. Ndiyankhe ine wa mbali ya rada. Malire a levulo ali mitundu iwiri, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pa kuwaphatikiza.

Alipo malire amene ndakuuza ine pa wayilesi. Ndanena kuti tsikira ku 120, udutse poyinti yakuti uli pa 160 kapena pansi. Patapita mphindi ziwiri ndakupatsa levulo ina, 100, osabwereza za poyinti ija. Malire amenewo afa. Doc 4444 imanena momveka kuti malire a levulo operekedwa pa wayilesi ayenera kubwerezedwa pamodzi ndi chilolezo chatsopano cha levulo kuti akhalebe ndi mphamvu. Pamenepa ICAO ndi America sakutsutsana.

Ndiye alipo malire olembedwa pa tchati cha SID kapena STAR. Amenewa sindinawanene ine, anawaika amene anajambula njirayo, mwina chifukwa cha phiri, mwina chifukwa pamwamba pake pamadutsa ndege zotera. Amenewa ku ICAO safa chifukwa choti ndakhala chete. Ku America amafa. Kusiyana kuli pomwepo.

Yamikani
Pepani akuluakulu, ine ntchito yanga ndi ya pansi, ndimakonza mapulani a maulendo, sindinagwirepo chiwongolero cha ndege. Koma ndikudabwa. Nkhani yoopsa chonchi, maiko analephera bwanji kugwirizana pa chinthu chimodzi?

Kaputeni Mbewe
Anayesa, achimwene. Kusintha kwa 2007 kuja kunabweretsa phokoso lalikulu, chifukwa maiko ena anakutsatira, ena ayi, ndipo woyendetsa ndege wonyamuka ku Addis Ababa lero n'kukatera ku Washington mawa amayenera kusunga malamulo awiri otsutsana m'mutu umodzi. ICAO inakhalanso pansi, ndipo kuyambira pa 10 November 2016 inabweretsa mawu atsopano kuti pasakhalenso kungoganizira. Kontrola azinena yekha chimene akufuna. "Climb via SID to flight level one five zero" ndiye kuti kwera koma malire onse a pa tchati usunge. Akawonjezera "cancel level restrictions" wachotsa za levulo zokha, liwiro likadalipo. Akati "cancel speed restrictions" wachotsa liwiro lokha. Akati "climb unrestricted" wachotsa zonse ziwiri, iwe usunge njira basi. Potsika n'chimodzimodzi, "descend via STAR".

Koma Doc 4444 si lamulo lomanga dziko monga mmene zilili mfundo za m'ma Annex a pangano la ICAO. Dziko limatha kutenga kapena kusatenga, n'kulemba kusiyana kwakeko mu AIP yake, buku la dzikolo la malamulo ndi njira za ndege, pa gawo la GEN 1.7. Canada inawayamba mawu atsopanowa mu 2017, patangotha masabata ochepa inawasiya chifukwa ndege zinkaphonya malevulo. Ndi dziko lokhala ndi makontrola ophunzira bwino limenelo.

Chisomo
Ndilowepo ndi za kuno ku Britain. Ife kuno mawu athu ndi "climb now". Ukanyamuka pa bwalo la London, ma SID ambiri amakuimika pa mafiti 6,000 kapena pansi pake, chifukwa pamwamba pako pali ndege zimene zikuzungulira kudikira kutera ku Heathrow. Kontrola akafuna ukwere osadikira masitepe a pa tchati amati "climb now flight level one two zero". Ka mawu ka "now" kameneko ndiko kachotsa malire a levulo. Liwiro silikhudzidwa. Mlendo wosadziwa amangomva ngati akumufulumiza.

Limbani
Nafenso tili ndi "climb via SID" yathu, inayamba pa 3 April 2014, ICAO isanatulutse yake. "Descend via" inalipo kale. Koma taonani pamene pamagwera alendo. Kuno ukauzidwa "descend via" STAR yakuti, sakupatsa nambala ya levulo, umatsika wekha mpaka levulo yomaliza yolembedwa pa tchatipo. Ku ICAO "via" nthawi zonse imabwera ndi levulo, sutsika kupyola imene wauzidwa. Mawu ofanana, ntchito yosiyana.

Ndipo china chimene anthu ambiri sachidziwa. Uli pa "descend via", wasinthidwa frequency, kontrola watsopano akuti "descend and maintain one zero thousand". Ngakhale 10,000 ikhale nambala yomweyo ili kumapeto kwa tchati, kubwerezako kokha kwafafaniza masitepe onse a pakati. Kuti masitepewo abwerere ayenera kunenanso "descend via". N'chifukwa chake polowa frequency yatsopano timanena tokha kuti tikutsika "via" STAR yakuti, kontrola adziwe chimene tanyamula.

Tadala
Achimwene a Limbani, chimene sichikundilowa ndi liwiro. Ngati mfundo ndi yakuti chomaliza chimafafaniza choyamba, bwanji liwiro lokha likutsala? Sizikuoneka zachilungamo kwa woyendetsa.

Mayi Nachisale
Ndikuuze mmene zimaonekera pa sikirini yanga, mwina uona chifukwa chake. Ndili ndi ndege zitatu pa mzere umodzi zikubwera kudzatera. Yakutsogolo ndaiika pa ma knot 250, yapakati 250, yakumbuyo 250, mpata pakati pawo ndi mamailosi asanu ndi awiri ndipo ndikufuna ukhale choncho. Pa mphindi khumi zikubwerazo yapakatiyo ndiipatsa malevulo mwina katatu, 140, kenako 110, kenako 90. Levulo iliyonse yatsopano ikadamafafaniza liwiro, ndiye kuti ndikangotsegula pakamwa yapakatiyo ikanabwerera ku 300 n'kuyamba kuidya yakutsogolo. Kusiyana kwa ma knot 50 kumadya pafupifupi mailo imodzi pa mphindi. Pomatha mphindi zitatu mpata wanga wachepa ndi mamailosi awiri ndi theka.

Levulo imateteza ndege ku zimene zili pamwamba ndi pansi. Liwiro limateteza ku zimene zili kutsogolo ndi kumbuyo. Ndikasintha chimodzi sindinakhudze chinacho. Doc 4444 inachita kulemba kuti liwiro loperekedwa ndi kontrola likhalabe mpaka iye mwini atalichotsa kapena kulisintha. Ngakhale usinthe frequency umapita nalo, ndipo umuuze mnzangayo pa kuyitana koyamba kuti uli pa liwiro lakuti, chifukwa pena uthenga sunamufike.

Bambo Zulu
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuno ku Chipata. Ine ndinapuma, koma pamene ndinkaphunzitsa ana ndinkawauza chonchi. Wapolisi wa pamsewu akakukweza dzanja kuti dutsa, wakulola kudutsa, sanazule chikwangwani cha 50 chili kutsogoloko. Liwiro la pa tchati ndi chikwangwani chimenecho. Ndipo pali china chimene ngakhale kontrola sangazule. Ku America lamulo la 91.117 limati pansi pa mafiti 10,000 usapyole ma knot 250, ndipo kontrola alibe mphamvu yokulola kupyola. Akati "delete speed restrictions" wachotsa liwiro lake ndi la pa tchati, koma 250 ija ili pomwepo.

Limbani
Zoona bambo. Ndipo mawu othetsera liwiro kuno ndi angapo, aliyense ndi ntchito yake. "Resume normal speed" amathetsa liwiro limene kontrola anakupatsa, koma malire a pa tchati amene ali kutsogolo sawakhudza. "Resume published speed" akukubwezera ku manambala a pa tchati. "Delete speed restrictions" ndiye amasesa zonse ziwiri monga mwanenera. Anthu amamva "normal" n'kuganiza kuti amasulidwa kotheratu.

Chisomo
Bambo Zulu, kunja kwa America 250 ija imayenda ndi mtundu wa mlengalenga. Annex 11 imaiika pa makalasi D, E, F ndi G, komanso pa ndege za VFR, zouluka modalira maso, mu kalasi C. Ndiye alipo malo amene kontrola angakulole kuthamanga pansi pa 10,000, ndi malo amene sangathe. Koma mfundo yanu ikhalabe, "cancel speed restrictions" ya pa SID sichotsa malire a kalasi ya mlengalenga.

Kaputeni Mbewe
Tsopano tilowe mu kokipiti, chifukwa kudziwa lamulo n'kwina, zala n'zina. Pa Boeing, mukatsegula tsamba la LEGS pa FMC, kompyuta yosunga njira ya ulendo, malire a poyinti amalembedwa pa mzere umodzi, liwiro kumanzere, levulo kumanja, monga 230/8000B. Kontrola wanena "cancel level restrictions". Mnyamata wa kumanja mwachangu wakanikiza DELETE, wagunda mzere uja, mzere wonse wayera. Levulo yapita monga anafunira, koma 230 yapita nayo limodzi, ndipo makina sakuwa. Ndege ikungowonjezera liwiro mwaulemu, mphuno yatsika pang'ono, manambala akukwera, 240, 250, onse awiri maso ali pa levulo.

Zimenezi ndaziona mu simulator kwa anyamata odziwa bwino lamulo, oti ukawafunsa pansi amayankha mosadodoma. Ine mwambo wanga ndi wakuti chilolezo chikasintha, tisanagwire batani lililonse, mmodzi anene mokweza chimene chatha ndi chimene chatsala. "Levulo zachoka, 230 ikadalipo mpaka poyinti yachiwiri." Kenako liwirolo tiliike pa windo la MCP, pa mabatani a autopilot, ndi dzanja. Zimatenga masekondi asanu.

Chisomo
Pa Airbus nkhani ili pa kukankha ndi kukoka. Ukaika levulo yatsopano n'kukankha kachitsulo ka altitude, ndege imakwera motsatira malire onse amene ali mu kompyuta, imaima pa 8,000 yokha. Ukakoka, ndi open climb, malire a levulo siwaonanso, ulendo mpaka nambala ili pa windo. Ndiye funso lonse la Tadala lija kwa ife limathera pa chala, kukankha kapena kukoka. Munthu amene wauluka zaka zambiri kumene levulo yatsopano imafafaniza zonse, dzanja lake limakoka lokha mutu usanaganize.

Yamikani
Nanga akalakwitsa chimachitika n'chiyani kwenikweni? Si mafiti ochepa chabe?

Mayi Nachisale
Achimwene, mpata umene ndimasiya pakati pa ndege ya pamwamba ndi ya pansi ndi mafiti 1,000 okha. Ndege ya jeti yongonyamuka kumene, yopepuka, imakwera mafiti 2,000 kapena 3,000 pa mphindi. Werengani nokha. Ikapyola 8,000 pamene ina ikudutsa pa 9,000, ndili ndi masekondi makumi awiri kapena atatu kuti ndione, ndikanikize maiki, ndilankhule, iye amve, agwire chiwongolero. Ku Ulaya kupatuka kopyola mafiti 300 pa levulo imene wapatsidwa amakuwerenga kale kuti ndi level bust, ndipo mkati mwa mlengalenga wa kumtunda umene timati RVSM ndi mafiti 200. Pamenepo TCAS, makina ochenjeza kuti ndege zayandikirana, imalira mu ndege zonse ziwiri, malipoti amalembedwa, matepi amamvetseredwa. Limenelo ndi tsiku labwino, loti aliyense wapita kwawo.

Bambo Zulu
Tsiku loipa linachitikapo, ndipo ana athu azilidziwa. Pa 1 December 1974, ndege ya TWA 514, Boeing 727, inkapita ku bwalo la Washington National koma chifukwa cha mphepo yamkuntho inapatutsidwira ku Dulles. Ili pa mafiti 7,000, kutali ndithu ndi bwalo, kontrola anailola kuchita approach, kutsikira kukatera, ya msewu 12 motsogozedwa ndi zida za wayilesi za VOR/DME. Oyendetsa anakambirana mu kokipiti. Tchati chinkaonetsa 3,400 pa dera limene anali, koma anagwirizana kuti popeza aloledwa approach ndipo ali pa rada, chilolezo chatsopanocho chawamasula kutsikira ku 1,800, levulo ya chigawo cha kutsogolo. Kontrola iye ankadziwa kuti oyendetsa asunga okha malevulo a pa tchati. Anagunda phiri la Mount Weather ku Virginia, anthu onse 92 anafa.

Chimene chimandiwawa pa nkhani imeneyi n'chakuti anthu aja anaiona nambala ya 3,400, anaitchula, koma palibe anakanikiza maiki kufunsa. Ndipo masabata asanu ndi limodzi m'mbuyo mwake ndege ya kampani ina inapulumukira mkamwa mwa mbuzi pa malo omwewo, mwa njira yomweyo, koma nkhaniyo inangozungulira mkati mwa kampaniyo. Pambuyo pa ngoziyi malamulo a chilolezo cha approach analembedwanso, ndege zazikulu zinakakamizidwa kukhala ndi GPWS, makina ochenjeza nthaka ikayandikira, ndipo mu 1976 NASA inayamba kulandira malipoti a oyendetsa ndege ndi makontrola mwachinsinsi, ndondomeko ija ya ASRS.

Tadala
Bambo, nkhani imeneyi yandizizira m'thupi. Ndimaidziwa ngati ngozi ya phiri chabe, sindinkadziwa kuti muzu wake unali kumva chilolezo mosiyana.

Limbani
Pa za mapiri ndiwonjezere, kuti wina asachoke pano ndi mawu anga oyamba aja okha. Ngakhale kuno ku America si malire onse a levulo amene amafa ndi chilolezo chatsopano. Tili ndi njira zonyamukira zimene zinajambulidwa chifukwa cha zopinga basi, timati ODP. AIM imanena kuti malire a levulo ndi liwiro a pa ODP kontrola sangawachotse kapena kuwasintha. Ndiye ukamauluka ODP ku mabwalo a m'mapiri a Colorado n'kumva "climb and maintain", levulo imene tchati chikuti udutse uli pamwamba pake ukadali nayo.

Kaputeni Mbewe
Limbani wakhudza pofunika. Malire akuti "at or below" kawirikawiri amakubisa ku ndege zina. Malire akuti "at or above" kawirikawiri amakubisa ku nthaka. Oyambawo kontrola akawachotsa ndiye kuti waona kuti pamwamba palibe munthu. Achiwiriwo, kaya achotsedwe kaya ayi, ine ndimayang'anabe levulo yotsikitsitsa ya dera limenelo. Amene munatsikirapo ku Chileka mukuchokera kumwera nyengo ya chiperoni mukudziwa, pansi pa mtambo uja pali Michiru, pali Ndirande, pali Soche, ndipo kum'mawa Sapitwa wa Mulanje wafika mamita 3,002. Chilolezo chimachotsa nambala pa tchati, phiri silisuntha.

Tadala
Nanga akandipatsa direct? Ndili pa SID ija, kontrola akuti ndilunjike poyinti yachinayi, ndasiya yachiwiri ndi yachitatu pambali.

Mayi Nachisale
Mmene ICAO inalembera mu 2016, ngati poyinti imene ndakulozera ili pa SID yomweyo, malire a mapoyinti amene wawadumpha atha, a levulo ndi a liwiro omwe, koma a kutsogolo onse akadalipo. Ngati ndakuchotsa pa SID, kaya ndi heading kaya ndi direct ya poyinti imene siili pa SID, malire onse a pa tchati atha, ndipo udindo ndi wanga wobwereza levulo imene uli nayo, kukupatsa malire amene ndikufuna, ndi kukuuza ngati udzabwerera pa njirayo. Ndikadzati "rejoin SID" malire otsala aja amadzukanso.

Koma ndinene zoona za ntchito yathu. Frequency ikadzaza, ndege khumi ndi ziwiri zikuyitana, mvula ya mabingu yatseka njira ya kumpoto, aliyense akupempha kupatuka, si nthawi zonse kontrola amamaliza mawu onse amene buku likufuna. Anganene "climb flight level one five zero" yekhayekha monga mu funso lako, pamene pa SID pakadali malire. Malinga ndi buku anayenera kunena ngati uwasunge kapena ayi. Sananene. Pamenepo usamuganizire.

Yamikani
Koma amayi, si ndimamva kuti makontrola amakwiya akamafunsidwafunsidwa?

Mayi Nachisale
Ndani anakuuzani zimenezo? Funso lake ndi la mawu anayi, "confirm climb via SID", kapena "confirm unrestricted". Ine ndiyankha "affirm" kapena "negative", zatha, masekondi atatu. Chimene chimatidyera nthawi ndi ndege imene yachita zimene sitinayembekezere, chifukwa pamenepo ndiyenera kusuntha ena atatu. Ana ongoyamba kumene amaopa kuti akafunsa amveka ngati osadziwa ntchito. Kwa ine woyendetsa wofunsa pa malo okayikitsa ndi amene ndimamudalira ndikafuna kulowetsa ndege pa mpata wothina.

Limbani
Komabe amayi, ndiloleni nditsutseko pang'ono. Kuno ku New York kapena Chicago, aliyense atamafunsa "confirm" pa levulo iliyonse frequency ingatsekeke. Ubwino wa lamulo lathu ndi womwewo, n'losavuta kusunga. Wamva "maintain", za levulo zatha. Wamva "via", zilipo. Palibe chofunsa. Ine ndimaona kuti njira ya ICAO ya 2007 ija inaika katundu wolemera pa woyendetsa, kumuuza kuti akumbukire zimene sizinanenedwe.

Kaputeni Mbewe
Mphwanga, ndikumva, koma taganiza zikalakwika mbali iliyonse. Pa njira yanu, kontrola akaiwala kubwereza malire amene amawafunabe, ndege imakwera kulowa mwa inzake, ndipo woyendetsa sanalakwe kanthu. Pa njira ya ICAO, kontrola akaiwala kuchotsa malire amene sakuwafunanso, ndege imaima pa 8,000 kwa mphindi imodzi, mafuta pang'ono apsa, kontrola akuti kwerani, nkhani yatha. Pa kuiwala kuwiri kumeneku ine ndisankha kwachiwiri.

Limbani
Osati nthawi zonse, a Kaputeni. Kontrola akakhala kuti akuwerengera kuti ukwera msanga kuti udutse pamwamba pa ndege imene ikubwera chopingasa, iwe n'kuima pa 8,000 chifukwa cha tchati, kuimako nakonso kwapanga ngozi. Kuchedwa kukwera si kuti nthawi zonse n'kotetezeka.

Mayi Nachisale
Limbani akunena zoona pamenepo. Ndinazionapo, ndege yachilendo itaima pa levulo ya tchati pamene mnzanga wa pa mpando woyandikana nane ankayembekezera kuti yapita kale kumtunda. Palibe njira imene imakhululukira kusamvana. N'chifukwa chake mawu a 2016 aja ndimawakonda, amandikakamiza ineyo kunena, m'malo mosiya kukhala chete kwanga kuti kutanthauziridwe.

Bambo Zulu
Musaiwale "unable". Kontrola akachotsa levulo n'kubwereza ina yovuta, kapena akakupatsa malire atsopano mochedwa, werengera msanga. Jeti imafuna mamailosi atatu pa mafiti 1,000 aliwonse otsika, ndi mailo imodzi pa ma knot 10 aliwonse ochepetsa. Wauzidwa udutse poyinti ili mamailosi 20 kutsogolo utatsika mafiti 8,000 ndiponso utachepetsa ma knot 50, pakufunika mamailosi 29. Sizitheka popanda ma speedbrake, mwinanso nawo omwe sizitheka. Nena pomwepo, akufunse chimene angasiye, levulo kapena liwiro. Ukavomera pa readback ndiye kuti walonjeza.

Tadala
Ndalemba zonsezi m'kope. Latsala limodzi. Ndili pa 210 imene kontrola anandipatsa, kenako akuti "cleared ILS approach", kundilola kutera motsogozedwa ndi zida za wayilesi za ILS. 210 ija ndipite nayo mpaka kuti?

Limbani
Kuno chilolezo cha approach chimathetsa liwiro limene kontrola anakupatsa kale, AIM 4-4-12. Akafuna ulisunge amalibwereza pamodzi ndi chilolezocho, monga "maintain one seven zero knots until" poyinti yakuti. Ndi malo amodzi amene liwiro limafa popanda kulitchula. Koma la pa tchati la approach likadalipo.

Chisomo
Zimenezo usabwere nazo kuno, mlongo wanga. Ku Heathrow ukaloledwa ILS n'kuyamba kuchepetsa liwiro wekha, wakumbuyo akupeza. Kuno umasunga chimene wapatsidwa mpaka akupatse china, 180 pokhotera ku localiser, mzere wa ILS wolunjika msewu, kenako "one six zero knots until four DME". Pa mamailosi anayi m'pamene umamasuka kutsikira ku liwiro lako lotera.

Mayi Nachisale
Mamailosi anayiwo achokera mu Doc 4444 momwemo, imati kontrola asalamulenso liwiro ndege ikadutsa makilomita 7, amene ndi mamailosi 4, kuchokera poyambira msewu wotera. Ndiye Tadala, kumene uli kumeneko 210 usunge mpaka akusinthe. Ukaona kuti glide slope, mzere wotsikira wa ILS, yayandikira, ma flap akufuna liwiro lotsika ndipo iye ali chete, itana unene "request reduce speed", kapena umuuze liwiro limene ukufuna. Ndipo usanapite ku mayeso tsegula AIP ya South Africa, GEN 1.7, uwerenge pamodzi ndi mawu ang'onoang'ono olembedwa m'mphepete mwa tchati cha SID ya bwalo lanulo, chifukwa woyesa adzakufunsa za pamenepo.